Katsitsumzukwa wa ku Evesham: poyamba ndinkati ndi matenda, kenako ndinkati ndi mankhwala

Ndakhala ndikuzengereza kulemba nkhaniyi chifukwa ili ndi manyazi ake, muli za mkodzo, muli za m'banja komanso muli uchitsiru wanga weniweni. Koma Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi mtsikana wina amene wangobwera kumene kuchokera ku Lilongwe anandikokera pambali nkundinong'oneza funso lomwe lija linandisowetsa tulo mu 2024, loti nchifukwa chiyani mkodzo wayamba kununkha modabwitsa, nde ndangoti basi ndilembe, amene aseke aseke bola wina asawononge ndalama ndi moyo ngati mmene ndinachitira ine.

Ine ndinabwera kuno ku England mu 2022, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kunyumba ina ku Worcestershire, mashifiti a maola 12. Abambo akunyumba anabwera pambuyo pake, iwo amagwira usiku kumalo osungira katundu, moti timangosinthana pakhomo, ine ndikutuluka iwo akulowa. Januwale wa 2024 adokotala anandipeza ndi BP, inali 158/98, anandiyamba pa amlodipine wa 5mg kenako anakweza kufika 10mg. BP inatsika bwinobwino koma mapazi anayamba kutupa, madzulo ndikavula nsapato masokosi amakhala atasiya mizere yakuya mu akakolo ngati ndamangidwa ndi luzi. Sindinawauze adokotala. Sungani mfundo imeneyi chifukwa ndi imene inadzandigwetsa kutsogoloku.

Dera lino lili pafupi ndi Evesham, ndipo anthu a kuno ndiwo yotchedwa asparagus, katsitsumzukwa wolima, amainyadira ngati mmene a ku Karonga amanyadira mpunga wa kilombero. Nyengo yake imayamba pa 23 Epulo nkutha chapa 21 Juni, masabata asanu ndi atatu basi, ndipo akuluakulu a kuno satchula dzina lonse, amangoti "gras". Kumapeto kwa Epulo mayi wina wachizungu amene timagwira naye ntchito anabweretsa mitolomitolo kuchokera kumunda kwa achibale ake nkutigawira tonse. Ine ndinali ndisanadyepo chiyambire. Ndinkangomuona mu supamaketi, timitengo tobiriwira tomangidwa ndi labala todula moti ndinkangodutsa. Koma zaulere sakana, ndinatenga mitolo itatu.

Ndinaphika ngati mmene ndimaphikira chisoso kwathu ku Ntcheu, madzi ambiri, kasoda pang'ono, tomato, anyezi, nkusiya pamoto mpaka kalekale. Zinatuluka phala lobiriwira lokhala ndi ulusi wolimba mkati chifukwa sindinadziwe kuti kumunsi kwake amathyola nkutaya. Tinadyabe ndi nsima.

Sipanathe ola ndinapita kutoyileti. Abale anga, fungo limene linatuluka! Ngati kabichi amene waolera mu filiji, kusakaniza ndi mazira owola ndi machesi ongozimitsa kumene. Ndinaima nkuyang'ana m'mbale ya toyiletiyo, mkodzo ukuoneka bwinobwino, kupweteka kulibe, koma fungolo eee. Ndinadziuza kuti mwina sindinamwe madzi okwanira. Mawa lake ndinatenga zotsala kukadya kuntchito, fungo lomwelo. Mkuja wake ndinaphika mtolo wachiwiri, fungo lomwelo. Mukamawerenga pano mukuti mayi ameneyu bwanji sanaone, koma ndikuuzeni zoona, maganizo anga sanapite nkomwe ku ndiwo, ndani anamvapo kuti masamba amanunkhitsa mkodzo? Komanso ntchito yathuyi imatiphunzitsa kuti mkodzo wa gogo ukasintha fungo uthamange ukanene kwa anesi chifukwa mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo, nde ine mutu unali kale kumatenda.

Tsiku lachinayi abambo anabwera mmawa kuchokera kuntchito, anatenthetsa zotsala mu filiji nkudya, asanagone analowa kutoyileti. Ine ndinalowa pambuyo pawo kukatsuka mkamwa. Fungo lomwe lija, ndendende. Mtima unangoti phwii. Ndinati basi nkhani yaoneka, tonse awiri tikununkha mofanana, ine ndikudziwa kumene ndimayenda, nde matendawa alowa ndi ndani m'nyumba muno? Ndinakumbukira zonse, tsiku lina anachedwa kubwera, tsiku lina foni anaiika chafufumimba patebulo, tinthu timene kale sindinkatiwerengera nkomwe tonse tinasanduka umboni.

Ndinawadzutsa. Ndinati, "Abambo, tandiuzani zoona, usiku mumapitadi kuntchito?" Anangondiyang'ana ndi maso a tulo. Ndinawakokera kutoyileti ndithu, munthu wamkulu ndi ndevu zake, nkuti tanunkhizani. Ananunkhiza nkunena kuti, "Mayi, ine sindikumva kalikonse." Apa nde ndinapsa mtima zenizeni. Fungo loti ntchentche ikhoza kukomoka, iwo akuti sakumva? Ndinati ngati munthu akunama pa chinthu chimene mphuno yanga ikuchitira umboni, nanga pa zimene sindikuziona amanama bwanji. Ndinalankhula mawu amene mpaka lero ndimafuna ndikanawabweza. Anatenga bulangete nkukagona pa sofa ndipo anagona pamenepo masiku 9.

Manyazi anandiletsa kupita kwa adokotala athu, ndinkaopa kuti polandirira alendo akandifunsa vuto pamaso pa anthu. Ndinagula pa intaneti kabokosi koyezera matenda opatsirana pogonana, £89, kutumiza pa positi nkumadikira. Ndinagulanso juwisi wa cranberry ndi timankhwala tina ta m'sitolo, pafupifupi £20. Chimene sindinkadziwa, ndipo amene muli kuno chimveni, kuyezetsa matenda amenewa ndi kwaulere ku makiliniki a boma (a NHS) oona za matenda opatsirana pogonana, amene amawatcha sexual health, ndipo sakufunsa zambirimbiri. Komanso kuyambira kumayambiriro kwa 2024 ku England mayi wa zaka 16 mpaka 64 amene akuganiza kuti ali ndi matenda a m'njira ya mkodzo akhoza kungolowa mu famasi nkuthandizidwa komweko osadikira adokotala. £89 ija ndinangoiponya m'madzi.

Choseketsa nchakuti mitolo ija itatha fungo linasiya, ine nkumati cranberry wagwira ntchito. Patatha masiku atatu mnzanga uja anabweretsanso ina, ndinaphika, fungo nkubwerera. Ndinalira usiku umenewo, ndinkati matenda akana mankhwala. Zotsatira zinabwera pa foni, zonse zili bwino, palibe kalikonse. M'malo mosangalala ndinayamba kuganiza za impso, za khansa, za shuga amene anatenga bambo anga aang'ono.

Amene anandimasula ndi mayi wina wa mu famasi. Ndinalowa nditavala yunifomu, ndinapempha kulankhula naye m'kachipinda kaja, nkumufotokozera monong'ona. Anandifunsa ngati ndikumva kuwotcha pokodza, ayi. Ngati ndikukodza pafupipafupi timadontho, ayi. Magazi, mkodzo wa mbuu, kutentha thupi, kupweteka m'chinena kapena kumsana? Ayi zonse. Kenako anamwetulira nkufunsa kuti kodi masiku ano mwadya asparagus? Ndinangokhala kukamwa yasa.

Anandifotokozera, ndipo zina ndinadzawerenga ndekha pambuyo pake. Mu ndiwo imeneyi muli kanthu kotchedwa asparagusic acid, thupi likamagaya limakaphwanya kukhala timpweya tokhala ndi sulufule, mtundu womwe uja umanunkhitsa mazira owola ndi kabichi, ndipo timpweyato timatuluka ndi mkodzo nkuuluka nthawi yomweyo kufika kumphuno. Zimayamba msanga, ena pakangotha mphindi 15 kapena 30 chidyereni, nkukhala maola angapo kenako zimatha zokha. Si matenda, sizikuwononga kanthu. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji amuna anga akuti sakumva? Anaseka nkunena kuti mwina sakunama ayi, pali anthu ambiri amene mphuno zawo sizigwira fungo limeneli ndipo nzobadwa nazo. Mu 2016 magazini ya madokotala ya BMJ inatulutsa kafukufuku wa anthu pafupifupi 6,900, ndipo mwa anthu 10 alionse pafupifupi 6 ananena kuti salimva fungolo. Ndiye kuti mwamuna wanga ananena zoona zokhazokha, ine nkumugoneka pa sofa sabata ndi masiku awiri.

Kupepesa kwake sikunali kophweka. Ndinaphika nkhuku ya lokolo imene timagula kwa anthu a ku Nigeria, ndinagwada monga anatilangizira anankungwi ngakhale kuno anthu amati nzachikale, ndinawauza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anati, "Ndiye mumafuna kuthetsa banja chifukwa cha ndiwo?" Anaseka, koma ndinaona kuti zinawalowa, ndipo panatenga miyezi kuti asiye kundionetsa foni yawo dala nthawi iliyonse ikalira. Chimenecho chinkandipweteka kuposa akanandikalipira.

Nkhani ikanathera apa bwenzi ili yongoseka. Koma ine ndi munthu woti ndikagwira chinthu ndimachigwira ndi manja awiri.

Usiku umenewo ndinayamba kufufuza za asparagus pa foni, ndipo mukudziwa mmene Facebook ndi TikTok zimachitira, ukangoonera kavidiyo kamodzi mawa lake akubweretsera makumi awiri. Wina atavala chovala choyera ngati dokotala akuti amatsuka impso. Wina akuti amasungunula mafuta m'mitsempha. Wina akuti anataya mapiritsi a BP atamwa juwisi wake masiku 21. Ndipo wina ananena chinthu chimene chinandikola ngati mbewa pa msampha, akuti fungo lija ndi poizoni amene akutuluka m'thupi, likanunkha kwambiri ndiye kuti mukuyera kwambiri. Taonani mmene mutu wa munthu ulili, fungo lomwe lija sabata yatha linali umboni wa matenda, tsopano lasanduka umboni wa kuchira. Ndipo mayi wa mu famasi anali atandiuza kale momveka kuti fungolo limachokera mu ndiwo momwemo osati m'thupi mwanga, koma ndinasankha kumvera wa pa foni chifukwa ankanena zimene ndinkafuna kumva.

Ndinaimbira amayi kumudzi pa WhatsApp nkuwaonetsa mtolo pa kamera. Anayang'anitsitsa, ndinawaonetsanso chithunzi cha mmene chomeracho chimakhalira chikakula, timasamba tosalala ngati nthenga. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, si katsitsumzukwa ameneyo? Wa minga uja amatikola zitenje kuthengo? Azungu akudya zimenezo?" Ndinawauza kuti ndi pachibale chabe, wakunoyu ndi wolima ndipo amadya mphukira zake zisanatambasuke. Anati kwathu anthu ena amakumba mizu yake kuchita mankhwala. Mawu amenewo ine ndinawatenga ngati chidindo, ndinati ngati makolo ankadziwa kuti ndi mankhwala, azungu akudziwanso, nanga ine ndikumweranji mapiritsi otupitsa mapazi? Amayi sananene kuti ndisiye mapiritsi, ndisawanamizire, anandiuzanso kuti uzimvera a chipatala mwanawe. Ndinamva mbali imene ndinkaifuna.

Chapakati pa Meyi ndinasiya amlodipine. Sindinauze adokotala, sindinauze abambo, kabokosi ndinakabisa m'chikwama cha zitenje. Ndinagula blenda ya £25. Mmawa ndinkagaya asparagus wosaphika ndi madzi ndi mandimu nkumwa kapu yaikulu nditatsina mphuno, madzulo ndinkaphika wina. Pa tsiku ndinkamaliza mitolo iwiri, pafupifupi theka la kilo, ndipo poti zaulere zija zinali zitatha ndinkagula, £4 kapena £5 tsiku lililonse.

Thupi linayankha, koma ine ndinkamasulira mokhota. Mimba inkadzadza mpweya ngati chubu cha njinga, kuntchito ndinkachita kuthawira mu kolido kuti agogo asamve, ine nkumati ndi kutsuka kumeneko. Zoona zake nzakuti mu asparagus muli mtundu wa shuga wotchedwa fructans umene matumbo aang'ono sagaya, umakafika kumatumbo aakulu kumene tizilombo tabwino timaudya nkutulutsa mpweya, pang'ono ndi zabwino ndithu koma theka la kilo wosaphika ndi chilango. Ndinkakodza pafupipafupi nkumati impso zatseguka, osaganiza kuti ndiwoyi payokha ndi madzi okhaokha, magawo 93 pa 100, kuphatikiza makapu a madzi amene ndinkagayira. Ndipo chachikulu, patatha sabata ndi theka mapazi anaphwa. Akakolo anaonekanso, nsapato zinayamba kulowa bwino. Ndinajambula chithunzi nkutumizira achemwali anga ku Blantyre kuti taonani mphamvu ya zachilengedwe. Mapazi anaphwa chifukwa ndinasiya amlodipine, kutupa akakolo ndi vuto lodziwika la mankhwala amenewa makamaka pa 10mg, asparagus sanachitepo kanthu. Koma apa mpamene ndinakhulupirira ndi mtima wonse, mpaka ndinayamba kulalikira kwa anzanga.

China chimene ndimadziseka nacho, asparagus wa madzulo uja ndinkamukazinga mu bata nkuthira mchere wodzadza dzanja ndi kyubu ya supu chifukwa payekha sankandikomera. Munthu wofuna kutsitsa BP. Kuno amalangiza kuti wamkulu asapitirire magalamu 6 a mchere pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ine ndinkadutsa pamenepo ndi mbale imodzi.

Makina oyezera BP kunyumba ndinalibe, ndipo kuntchito ndinkawazemba ngakhale ndimayeza nawo anthu ena tsiku ndi tsiku. Ndinkati ndikumva bwino nde ndiyezeranji. Apa mpamene BP imapusitsira anthu, simva kuwawa, ukhoza kuyenda nayo ili kumwamba uku ukuseka. Makina ake ndi a £20 kapena £25 basi mu famasi, mtengo wa blenda ija.

Sabata yachisanu mutu unayamba. Unkagunda kunkhongo mmawa ndikadzuka, ndinkamwa panado nkupita kuntchito. Lachinayi lina chapakati pa Juni ndikumusambitsa gogo wina ndinawerama kuti nditole thaulo, podzuka ndinaona tinyenyezi, maso anachita chifunga, makutu akulira. Ndinagwira khoma. Nesi wathu, mayi wa ku Zimbabwe amene timatchulana asisi, anandikhazika pampando nkundimanga makina pamkono. 186/112. Anayezanso mkono winawo, pafupifupi chimodzimodzi. Anandifunsa kuti mwamwa mapiritsi lero? Ndinayang'ana pansi. Anafunsanso kuti mwasiya liti? Nditamuuza kuti masabata asanu anangogwira kumutu. Anaimba 111, nambala yofunsira uphungu wa chipatala kuno, atamva za mutu ndi maso anati ndipite kuchipatala cha zangozi tsiku lomwelo. Takisi £32.

Ndinakhala kumeneko maola 7. Anatenga magazi, mkodzo, anandimata timawaya pachifuwa kuyeza mtima, anandiunika m'maso ndi katochi, anandiuza kuti ndimwetulire, ndikweze manja, ndifinye zala zawo. Ine ndimagwira ntchito ndi anthu amene anachita sitiroko, ndimawadyetsa ndi supuni, ndimawatembenuza pabedi, nde ndinkadziwa bwinobwino chimene akufufuza. Pampando paja ndinaganiza za ana anga awiri, ndinaganiza za amayi amene amadikira ndalama yanga mwezi ndi mwezi, ndinaganiza kuti visa yathu tonse yamangirira pa ntchito yanga ndipo ndikagwa ine tonse tagwa. Abambo anafika atathawa kuntchito, ndipo mpamene anamva koyamba kuti ndinasiya mankhwala. Sanakalipe. Anangoti, "Kawiri tsopano, ndiwo yomweyi."

Mwamwayi impso zinali bwino, mtima bwino, sitiroko panalibe. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono, ndinkayembekeza kuti andinyoza koma anandifunsa funso limodzi lokha, munasiyiranji? Nditatchula za mapazi anapumira m'mwamba nkunena kuti mukanangonena, mankhwala a BP alipo amitundu yambiri, tikanatsitsa mlingo kapena kusintha. Basi. Nkhani ya foni imodzi kwa adokotala. Anandiyambitsanso mankhwala usiku womwewo, ndipo sabata yotsatira adokotala athu anandibwezera pa 5mg nkuwonjezera kapiritsi kena, mapazi sanatupenso ngati kale.

Ndinamufunsa mwamanyazi ngati asparagus ndimusiyiretu. Anati ayi, idyani, ndi ndiwo yabwino kwambiri, koma ndi ndiwo. Impso zimadzitsuka zokha, ntchito yake ndi imeneyo, ndipo chimene chimaziwononga mwakachetechete ndi BP yosasamalidwa yomweyo. Ndiye kuti ine pofuna kutsuka impso ndinkazipweteka.

Tiwerengere limodzi. Kuyezetsa £89, cranberry ndi tina £20, blenda £25, asparagus wa masabata asanu pafupifupi £150, takisi £32. Ndinajomba mashifiti anayi, ndipo pa £11.44 pa ola imene tinkalandira chaka chimenecho shifiti imodzi ndi £137, anayi ndi pafupifupi £550. Zonse pamodzi zikupitirira £850, osawerengera usiku umene abambo anataya. Mapiritsi amene ndinkawathawa ndi £9.90 pa pepala la dokotala. Fizi ya mng'ono wanga teremu imeneyo inachedwa mwezi wathunthu ndipo ndinamunamiza kuti kuntchito achedwa kutilipira.

Pano ubwino wake weniweni ndimaudziwa, ndipo ulipo ndithu, sindikufuna muchoke pano mukuti ndi chinthu choipa. Magalamu 100 ali ndi ma calorie pafupifupi 20 okha, ndiye amene mukufuna kuchepetsa thupi amadzadzitsa mbale popanda kunenepetsa, bola osamusambitsa mu bata ngati ine. Ali ndi fayiba wothandiza kuchimbudzi. Ali ndi folate wambiri, vitamini amene amathandiza kupanga magazi ndipo ndi wofunika kwambiri kwa mayi woyembekezera kuti msana ndi ubongo wa mwana ziumbike bwino, ngakhale anamwino amanenetsa kuti kapiritsi ka folic acid ka ma microgram 400 kaja musasiye chifukwa choti mukudya masamba. Muli potaziyamu pang'ono, ndipo kudya masamba ambiri ndi kuchepetsa mchere kumathandizadi BP, koma kumathandizana ndi mankhwala, sikuwalowa m'malo. Mulinso vitamini K wochuluka ndithu, ndipo apa asisi a ku Zimbabwe aja anandiphunzitsa kanthu, munthu amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, asamasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba otere, lero palibe mawa theka la kilo, chifukwa vitamini K amalimbana ndi mankhwalawo. Ndikaganiza kuti ndinkalalikira juwisi wanga kwa aliyense osafunsa kuti amamwa chiyani, thupi limachita tsembwe. Amene muli ndi matenda a impso enieni funsani kaye a chipatala musanayambe kudya chilichonse mochuluka chonchi.

Koma ndinene mosabisa, zambiri mwa zimenezi zilinso mu bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mpiru. Amene muli kumudzi musadzimve kuti mukumanidwa kanthu chifukwa simungapeze timitengo todula timeneti, ndipo chonde musapite kuthengo kukakumba katsitsumzukwa wa minga uja chifukwa mwawerenga kuti azungu amadya, si mtundu umodzi. Ngakhale wolimayu, tizipatso take tofiira tija sadya, timapweteketsa m'mimba.

Za fungo, mmene ndimasiyanitsira tsopano nzosavuta. Ngati ndadya asparagus lero, mkodzo ukununkha koma ukuoneka bwino, palibe kuwotcha, ndipo mawa kapena mkuja fungo latha, ndi ndiwo basi. Ngati fungo likupitirira masiku osadya, kapena pali kuwotcha, magazi, mkodzo wa mbuu, kutentha thupi, kupweteka kumsana, apo nde pitani msanga osagula timabokosi pa intaneti. Ndipo musanaloze chala munthu wa m'nyumba mwanu yambani mwafunsa kuti dzulo tinadya chiyani.

Kuphika ndinaphunzira kwa mayi wachizungu uja, amene nditamuuza nkhani yonse anaseka mpaka kukhala pansi kenako nkundikumbatira. Umagwira kamtengoko nkukapinda chakumunsi, kamathyoka kokha pamene pathera polimba. Madzi owira, mphindi 3 mpaka 5 malinga ndi kunenepa kwake, atuluke akadali obiriwira komanso akulumika. Soda ayi, ndipo madzi ambiri ndi moto wautali zimangotaya folate uja. Ukafuna kusunga umamuimika mu kapu ya madzi pang'ono mu filiji ngati maluwa, koma sachedwa kutaya kukoma, masiku awiri atatu basi. Amene amapezeka mu supamaketi miyezi ya Disembala amakhala atachokera kutali ngati ku Peru kapena Mexico, ine ndimadikira wa kuno. Anandiuzanso kuti mlimi amadikira pafupifupi zaka zitatu chibzalireni asanayambe kukolola bwinobwino, ndipo amadula ndi manja kamtengo kamodzikamodzi atawerama, apo mpamene ndinasiya kudandaula za mtengo. Ine ndinayesa kumuthira nsinjiro ngati mmene timachitira ndi nkhwani, ndipo ndikuuzeni amakoma, mnzangayo analawa nkupempha kuti ndimulembere kaphikidwe.

Makina a BP ndinagula, ali patebulo pafupi ndi ketulo, ndimayeza kawiri pa sabata nkulemba m'kabuku. Mmawa uno inali 128/82. Blenda ija ana amagayira nthochi. Epulo wapitayu mitolo yoyamba itafika ndinaphika theka la mtolo tonse anayi, ndipo titadya abambo analowa kutoyileti, potuluka anaima pakhomo atanyamula bulangete nkufunsa kuti, "Mayi, ndikagoneretu pa sofa kapena muyamba mwanunkhiza kaye?"